Mwini maimbidwe a nyimbo ya dziko lathu anali mphunzitsi wa kwaya

Lolemba lililonse m'mawa, kuyambira pa boma pa Katete kukafika ku Nyanje, ku Chassa ndi kumalire ku Vubwi, ana a sukulu amaima pamzere, manja m'mbali, ndi kuimba nyimbo ya dziko lathu. Nafenso akuluakulu timaiimba pa 24 Okutobala, kapena pamsonkhano wa alimi pakabwera nduna, kapena tikamva pa wailesi kuti anyamata a Chipolopolo ali pafupi kuyamba mpira. Koma mukafunsa anthu khumi pamsika kuti anapeka maimbidwe a nyimboyi ndani, ena adzati ndi a Kaunda, ena adzati ndi boma, ena adzati ndi mzungu wina wa gulu la malipenga la apolisi. Onsewo ayi. Mwini wake anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ku South Africa, munthu wakuda, dzina lao a Enoch Mankayi Sontonga, ndipo pamene dziko la Zambia linali kulandira ufulu mu 1964 iwo anali atagona kumanda zaka 59.

Nkhani yao ikhudza maka-maka inu a kwaya a m'maparishi ndi m'mipingo yathu, cifukwa a Sontonga sanali munthu wa m'nyumba zikuluzikulu zoimbiramo za ku Ulaya. Nchito yao inali imodzimodzi ndi ya aphunzitsi a kwaya amene timawaona Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi, akubwereza mzere umodzi kakhumi kufikira a besi ataugwira.

A Sontonga anabadwa ca m'ma 1873 ku Uitenhage, tauni ya ku Eastern Cape imene kuyambira mu 2021 ikuchedwa Kariega. Mtundu wao anali Mxhosa, ndipo cilankhulo cao ndi cacibale ndi Cizulu, ndiponso ndi Cingoni cakale cija timamva m'nyimbo za pa Nc'wala ku Mtenguleni. Mabuku ambiri a mbiri yao akamba kuti uphunzitsi anauphunzira ku Lovedale, sukulu ya amishoni a ku Scotland imene inatsegulidwa mu 1841. Dzina la Lovedale si lacilendo kwenikweni kuno kumtunda. Kumeneko ndiko kunacokera a William Koyi, mlaliki wa Cixhosa amene anafika ku Livingstonia mu 1876 ndi kukagwira nchito pakati pa Angoni a M'mbelwa, popeza iwo ndi Angoniwo anali kumvana polankhula. A Sontonga atayamba nchito, anakaphunzitsa pa sukulu ya mpingo wa Methodist ku Nancefield pafupi ndi Johannesburg, dera limene lero lili mbali ya Soweto. Anali kutsogoleranso kwaya, ndipo pa nthawi yopuma anali kujambula zithunzi. Akazi ao anali a Diana Mgqibisa, mwana wa m'busa wa mpingo wa AME.

Nyimboyi anaipeka mu 1897, ndipo cimeneco sicinali caka cabwino. Golide anali atangopezeka ku Johannesburg mu 1886, ndipo anthu akuda ocokera mbali zonse anali kuunjikana m'makomboni opanda madzi abwino. Kumidzi nako mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest unali kusesa makola, kotero kuti m'madera ambiri mwa ng'ombe khumi inali kutsala imodzi. Mlimi aliyense amene cigodola cinamulowerapo m'khola adziwa mmene mudzi umakhalira zii pa nthawi yotere. Kuno kwathu nkhondo inali pakhomo: kuciyambi kwa 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha Nsingo, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Mu 1899 Maburu ndi Angerezi anayamba kumenyana okhaokha, koma anthu akuda nawo anafa ndi kubvutika m'nkhondo imene sinali yao.

M'masiku amenewo ndimo mphunzitsi wa zaka pafupifupi 24 analembera ana a sukulu yake ndime imodzi ndi kolasi, m'Cixhosa. Dzina la nyimboyo ndi Nkosi Sikelel' iAfrika, ndipo inali pemphero lopempha Mulungu kuti adalitse Africa. Apa pali cinthu coyenera kuciona. Munthu wa mtundu umodzi, wokhala m'komboni imodzi, sanapempherere Axhosa okha kapena dziko lake lokha, anachula Africa yense. Ine ndiona kuti ici ndico cinatsegulira nyimboyi njira, cifukwa Mzulu, Msutu, Mshona, Mswahili ndi Mcewa, aliyense anatha kuiimba osamva ngati wabvala malaya a mwini.

Tsono anailemba bwanji? Sanalembe ndi timadontho tija ta pa mizere isanu timene oimba limba amawerenga. Analemba mu solfa, njira ya doh, ray, me, fah, soh imene akuluakulu ambiri a kwaya kuno aidziwa. Njirayi inayamba ku England ndi mai wina dzina lake Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo m'busa John Curwen anaikonzanso ndi kuifalitsa kuyambira m'ma 1840, colinga cake cinali cakuti anthu osauka ndi ana a sukulu ya Sande aziimba bwino popanda coimbira. Amishoni anaikonda cifukwa ndi yochipa. Sifuna piyano, sifuna pepala lapadera, makina wamba osindikizira mabuku atha kuisindikiza, ndipo mphunzitsi atha kuilemba pa bolodi ndi coko. Doh sakhala malo amodzi. Mphunzitsi akaona kuti amai a sopurano akulephera kufika pamwamba, amangotsitsa doh pang'ono, nyimbo yonse imatsika nayo, zolembedwa osasintha. Timadontho ndi timizere ta pakati pa zilembo ndito timauza woimba kuti liu ili ligwire nthawi yotani.

Azungu ena a nthawiyo anali kuona solfa ngati maphunziro a anthu apansi, oyenera akuda, pamene zolemba za pa mizere isanu zinali za ana ao. Tsankho limenelo linalipodi, ndipo linatsekera oimba ambiri aluso khomo la maphunziro apamwamba a nyimbo. Koma khasu lalifupi limene munthu wapatsidwa monyozedwa, iye atha kulimira munda waukulu. Anthu akuda anatenga solfa naisandutsa yao.

Tamverani bwino maimbidwe a nyimbo ya dziko lathu Lolemba likudzali, ndipo mudzaona luso la mphunzitsi. Iyambira pa doh, pakhomo peni-peni, ndipo imakwera ndi kutsika pang'ono-pang'ono monga munthu wokwera makwerero, osalumpha-lumpha. Siikwera kwambiri kotero kuti gogo alephere, siitsika kwambiri kotero kuti mwana wa giredi 1 asowe liu. Mzere umene mwaumva kuciyambi umabweranso, ndipo munthu amene sanaimvepo akafika pakati amakhala atayamba kale kutsatira. Mau anai, sopurano, alto, tena ndi besi, amayendera limodzi, ndipo kugwirizana kwao kwatsamira kwambiri pa mafuwa atatu a nyimbo za m'chalichi, ndiwo doh, fah ndi soh. Zonsezi a Sontonga anazitenga ku nyimbo za amishoni. Koma pa kolasi pali ca kwathu: gulu lina limatsogola, lina limayankha mobwereza, monga mmene amai amacitira pa citelele kapena pa mtondo. Pamenepo ndi pamene amuna a besi amadzimva kuti nawonso alipo, ndipo ndi pamenenso ana a sukulu amakweza mau ngakhale anali kuodzera. Kupeka nyimbo yobvuta kuimba n'kosabvuta. Kupeka yosabvuta imene anthu satopa nayo zaka zoposa 120, apo ndiye pali nchito.

Pali ena amene analemba kuti a Sontonga anangotenga maimbidwe a nyimbo ya ku Wales yochedwa Aberystwyth, ya Joseph Parry, imene inasindikizidwa mu 1879. Nkhani imeneyi yafala, koma aliyense wodziwa solfa atha kuiyesa yekha. Nyimbo ya ku Wales ija imakhazikika pa lah, ndipo imamveka yacisoni, yolemera. Ya a Sontonga imakhazikika pa doh. Kuti onse awiri anakulira m'nyimbo za m'chalichi za mtundu umodzi, zimenezo n'zoona. Kunena kuti wina anakopa mnzake, khutu langa likana, ndipo ndimadabwa cifukwa cake cinthu cabwino cikacokera kwa munthu wakuda pamafunika kumufunira mzungu womubwereka.

Nyimboyi inaimbidwa koyamba pagulu mu 1899, pa mwambo wodzoza m'busa wa Methodist wa mtundu wa Ashangani. Caka comweco amishoni a Dutch Reformed anali kumanga misasa yao yoyamba ku Magwero. A Sontonga anapitiriza kuphunzitsa ndi kupeka nyimbo zina, ndipo kwaya yao inali kuyenda kukaimba m'madera ena. Koma sanakhalitse. Pa 18 Epulo 1905, caka cimene mishoni ya Nyanje inatsegulidwa, anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 32. Cikalata ca imfa yao cinachula matenda a m'mimba ndi kuphulika kwa kathumba ka m'matumbo kochedwa apendikisi, bvuto limene lero madokotala a ku St Francis amang'amba ndi kucotsa, munthu n'kubwerera kumunda. Sanaone nyimbo yao itasindikizidwa. Sanamve ikuimbidwa pamaso pa mbendera ya dziko lililonse.

Cimene cinacitikira zolemba zao ndico ciyenera kutiwawa ife a kwaya. A D.D.T. Jabavu, mphunzitsi wamkulu wa pa Fort Hare, analemba m'ma 1930 kuti a Sontonga anali kulemba nyimbo zao pa timapepala, ndipo pambuyo pake anazisonkhanitsa m'kabuku kolembamo ana a sukulu, ndi colinga coti adzazisindikize. Imfa inawapeza asanatero. Aphunzitsi ena a kwaya anayamba kubwera kwa mai wamasiye kudzabwereka zolembazo, uyu lero, uyu mawa, kufikira wina anatenga kabuku konse osabweza. Tsono mwa nyimbo zonse za munthu waluso lotere, imene dziko liimba ndi imodzi cabe. Inapulumuka cifukwa inali italowa kale m'kamwa mwa anthu.

Amene anainyamula poyamba ndi a John Langalibalele Dube, m'busa ndi mphunzitsi amene anatsegula sukulu ya Ohlange pafupi ndi Durban. Kwaya ya sukulu yao inali kuyenda m'matauni kufuna ndalama zoyendetsera sukulu, ndipo kulikonse kumene inapita inasiya nyimboyi. Pa 8 Januwale 1912 atsogoleri a anthu akuda anakumana ku Bloemfontein ndi kuyambitsa bungwe limene pambuyo pake linachedwa African National Congress. A Dube ndiwo anasankhidwa mtsogoleri woyamba, ndipo nyimbo ya a Sontonga inaimbidwa pamsonkhanowo. Caka cotsatira boma la azungu linaika lamulo la malo limene linasiyira anthu akuda gawo la nthaka losakwana ngakhale limodzi mwa magawo khumi, mabanja nayamba kuyenda m'miseu ndi ziweto zao kusowa pokhala. Pemphero la ana a sukulu lija linasanduka nyimbo ya anthu olandidwa minda. Mu 1923 a Sol Plaatje, amene analemba kwambiri za lamulo la malolo, anaijambulitsa pa mbale ya galamafoni ku London, mai Sylvia Colenso akuimba piyano. Mu 1925 ANC inaisankha kukhala nyimbo yotsekera misonkhano yake. Mu 1927 a Samuel Mqhayi, mlakatuli wochuka wa Cixhosa, anaonjezera ndime 7, ndipo mu 1942 a Moses Mphahlele anatulutsa ya m'Cisutu.

Kucokera apo nyimbo inayenda monga mmene anthu anali kuyendera, m'masukulu a mishoni, m'mabuku a nyimbo, ndi m'makomboni a m'migodi mmene amuna a mitundu yonse, kuphatikizapo macona a kuno kum'mawa, anali kugona cipinda cimodzi. Pa nthawi yolimbana ndi citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inali kumveka pamisonkhano ya ndale kuno ku Northern Rhodesia. Tanganyika anaitenga m'Ciswahili polandira ufulu mu 1961, ndipo Tanzania aiimba kufikira lero. Ife tinatenga maimbidwe ake mu 1964. Mau ake a Cingerezi anacokera mu mpikisano, koma oweruza sanapeze imodzi yokwana payokha, ndiye analumikiza zolemba za anthu 6: G. Ellis, E.S. Musonda, J.M.S. Lichilana, I. Lowe, J. Sajiwandani ndi R.J. Seal. Mutu umodzi susenza denga. Mu 1973 nyumba ya malamulo inakhazikitsa nyimboyi ndi lamulo lake-lake. Pa zaka zimene ANC inali yoletsedwa kwao, kuyambira mu 1960, likulu lake linadzakhala ku Lusaka, ndipo mtsogoleri wake a Oliver Tambo nawonso anali munthu wa kwaya, wodziwa kuimbitsa. Anali kumva maimbidwe a kwao pa mwambo uliwonse wa boma la Zambia.

Nthawi ndi nthawi pamamveka mau akuti dziko lodzilamulira lisamaimbe nyimbo yobwereka. Amene amatero ali ndi zitsanzo. Anzathu a ku Malawi, amene wailesi yao imamveka bwino ku Vubwi, anasankha nyimbo yopekedwa ndi mwana wao a Michael Sauka mu 1964. Namibia anagwiritsa nchito ya a Sontonga kanthawi kocepa, ndipo mu 1991 anatenga ya a Axali Doëseb. Zimbabwe anaiimba m'Cishona ndi m'Cindebele kuyambira mu 1980, naisiya mu 1994 potenga mau a a Solomon Mutswairo ndi maimbidwe a a Fred Changundega. Ndipo n'zoona kuti tikamasewera mpira ndi Tanzania kapena Bafana Bafana, a malipenga amaimba cinthu cimodzi kawiri, alendo n'kumadabwa.

Ine sindiona manyazi pamenepo. Cimanga cinacokera ku America, koma palibe amene amati nsima ndi yobwereka. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 ndi nyimbo zao za kum'mwera, lero ndi zathu. Ndiponso pali cinthu cimodzi cimene ambiri sadziwa. Pamene South Africa inakonza nyimbo yake ya dziko mu 1997, polumikiza ya a Sontonga ndi ya Maburu m'zilankhulo zisanu, kolasi ija yotsogola ndi kuyankha anaisiya kunja. Mwana wa sukulu wa ku Sinda akuimba mbali ya maimbidwe a a Sontonga imene mwana wa ku Soweto saimbanso pa mbendera.

A Sontonga sanali okha pa nchito yotere, ndipo mzera wao sunathe. Asanabwere iwo kunali a John Knox Bokwe a ku Lovedale, amene anasindikiza buku la nyimbo zao mu 1885. Pambuyo pao kunabwera a Michael Moerane, amene mu 1941 analemba nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zoimbira, la mavayolini ndi malipenga, yochedwa Fatše la Heso, pogwiritsa nchito nyimbo za Asutu. Ndipo m'masiku athu ano kunali a Mzilikazi Khumalo, amene anabadwa mu 1932 namwalira mu 2021. Iwowa anali mphunzitsi wa zilankhulo pa yunivesite ya Witwatersrand, anathandiza kukonza nyimbo ya dziko ya mu 1997 pamodzi ndi mai Jeanne Zaidel-Rudolph, ndipo anapeka nyimbo yaikulu yosimba moyo wa Shaka, ndi sewero loimba lochedwa Princess Magogo limene linaonetsedwa ku Durban mu 2002, opera yoyamba m'Cizulu. Cosangalatsa n'cakuti a Khumalo anali kupeka mu solfa yomweyi ya doh, ray, me, ndipo ena ndiwo anali kuisandutsira pa mizere isanu kuti a zoimbira awerenge. Tsono mphunzitsi wa kwaya wa ku Kagoro kapena ku Mbang'ombe amene ali ndi kabuku ka solfa m'thumba asadzione wocepa. Cida cimene ali naco ndi comweco.

Koma kodi kabukuko alinako? Apa ndi pamene nkhaniyi yatifika pakhomo. Kuyambira mu 1963, pamene msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican unalola kuti Misa izicitika m'zilankhulo za anthu ndi nyimbo za cikhalidwe cao, m'maparishi a dayosizi ya Chipata mwapekedwa nyimbo zosawerengeka za m'Cinyanja, za ng'oma ndi zisekese. A Reformed Church, a Anglican ndi mipingo ina nawonso ali ndi opeka ao, m'makwaya a acinyamata ndi m'magulu a amai. Nyimbo imabadwa m'mudzi umodzi, imamveka pa mpikisano wa makwaya kapena pamaliro, kwaya ina imaitola, mawa mwaimva pa Radio Maria kapena pa Breeze FM, mkuja ili m'foni ya mnyamata wa njinga. Coyamba kugwa panjira ndi dzina la wopeka. Caciwiri ndi mau a alto ndi tena, cifukwa otola nyimbo ndi khutu amagwira sopurano, zotsalazo amangodzazamo zao. Pakapita zaka zisanu mwini wake akaimva ku parishi ina saizindikira bwino. Akamwalira, kapena akasamukira ku Lusaka kukafuna nchito, nyimbo zake khumi zimene sizinachuke zimapita naye.

Ena adzati ndi mwambo wathu, nyimbo ilibe mwini. Ndani adziwa amene anapeka nyimbo za cimtali kapena za kumunda? Ena adzati nyimbo ya Mulungu siyenera kudindidwa dzina la munthu, kumeneko n'kudzikweza. Ndiwamva, ndipo pa nyimbo za makolo ali ndi mfundo. Ndibvomeranso kuti solfa siikwana pa zonse. Siitha kulemba kulira kwa ng'oma, siitha kulemba kutsetsereka kwa liu la mai wotsogola nyimbo, kapena nthungululu. Koma m'mabuku a parishi timalemba dzina la mwana wobatizidwa, la makolo ake ndi la wansembe womubatiza, ndipo palibe amene amati kumeneko n'kudzikweza. Masalimo amene timawerenga ambiri ali ndi dzina la Davide kapena la Asafu pamwamba pake. Munthu amene wagona usiku wosawerengeka akufuna-funa liu la tena loti ligwirizane ndi besi, atacoka kumunda wa thonje ali wotopa, ndipo salandira ngakhale ngwee imodzi, kumulembera dzina lake pamwamba pa pepala si kumupatsa zambiri.

Zofunika zake sizidula. Bungwe la parishi kapena akulu a mpingo agule mabuku awiri a cikuto colimba. M'menemo mulembedwe nyimbo iliyonse yopekedwa m'deralo, mau ake, solfa ya magulu onse anai, dzina la wopeka, mudzi wake ndi caka. Buku limodzi likhale ndi kwaya, lina likhale mu ofesi ya parishi, kutali ndi ciswe ndi denga lodontha, ndipo limenelo lisabwerekedwe ngakhale wobwereka atakhala mlamu wa a katekisiti. Wofuna nyimbo akhale pansi akopere pomwepo. Kujambula mau pa foni n'kwabwino, maka-maka pa ng'oma zimene solfa ilephera, koma foni imagwa m'madzi, imabedwa, kakhadi kake kamafa, pamene pepala losungidwa bwino limakhala zaka 100. Ndipo mphunzitsi wa kwaya aliyense amene adziwa kulemba solfa aphunzitse acinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, cifukwa odziwa kuilemba akucepa. Ambiri tsopano amangoti imbani monga mwamvera m'foni.

Za malamulo nazo zilipo. Lamulo la Zambia la mu 1994 loteteza zopeka za anthu linaika kuti nyimbo ndi ya wopeka moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, ndipo bungwe la ZAMCOPS linakhazikitsidwa kuti lizitolera ndalama za opeka nyimbo zikaimbidwa pa wailesi ndi m'malo ena. Sindinganamize munthu kuti nyimbo ya kwaya ya kumudzi idzamugulira malata. Koma tsiku limene woimba wa m'tauni adzaitenga ndi kuijambula ngati yake, buku la mu ofesi ya parishi, lokhala ndi dzina ndi caka, ndilo lidzakhala mboni.

Ngakhale manda a a Sontonga anasowa monga kabuku kao. Anaikidwa ku Braamfontein mu Johannesburg, ku mbali ya manda imene inapatulidwira anthu akuda, ndipo patapita zaka mbali imeneyo inasalazidwa, mitumbira osaonekanso. Mitundu ya anthu inali kuimba nyimbo yao pa mbendera, koma palibe amene akanaloza pamene mwini wake anagona. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, boma latsopano linafuna kuwalemekeza, ndipo ofufuza anasanthula m'kaundula wa manda pa dzina la Sontonga osapeza kanthu. Kunapezeka kuti kalaliki wa mu 1905 sanalembe dzina la makolo ao, analemba dzina loyamba lokha, Enoch. Anafunika mapu akale a mandawo, nyuzipepala ya Cixhosa ya Imvo Zabantsundu imene inalengeza za imfa yao, ndi akatswiri ofukula zakale a pa yunivesite ya Witwatersrand, kuti malo eni-eni adziwike. Pa 24 Sepitembala 1996 a Nelson Mandela anabvundukula mwala wakuda wa cikumbutso pamandapo, malowo nalengezedwa kukhala cuma ca dziko. Boma linaperekanso mendulo ya golide ya ulemu kwa a Sontonga. Anailandira ndi mdzukulu wao wamkazi, patapita zaka 91 agogo ake ataikidwa.